A Mlendo ndi Fodya Wawo Wonunkhira

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi. Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo cholembera changa chinazolowera kuchonga za ena, osati kuyamba zakezake. Komanso sindisuta, choncho ndikaphonya pa nkhani ya fodya, odziwa andikhululukire. Ndinadikira kuti wina waluso alembe za a Mlendo, koma palibe amene akuoneka kuti atero. Zimene sindinaone ndi maso anga ndafunsa kwa alamu awo ndi kwa mwana wawo, ndipo pamene awiriwa atsutsana ndangosiyapo.

A Mlendo ankadziwika ndi chinthu chimodzi: ankaodira pakhomo pawo pomwe. Munthu wamkulu, wa imvi zake, makiyi ali m'thumba, kuima pakhomo pa shopu yake n'kumagogoda mwaulemu: "Odi! Odi kuno!" Akatero ankadikira pang'ono, kenaka n'kudziyankha ndi mawu ena, okhuthala: "Odini, lowani!" Ndiye n'kuvula chipewa, kupukuta nsapato, n'kulowa mphuno ili patsogolo ngati galu wosaka. Dzina la Mlendo linachokera pamenepo, ndipo linameza dzina lawo lenileni mpaka mwana wawo yemwe ankati akawafuna amafunsa kuti, "A Mlendo mwawaonako?"

Ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Kashopu kawo kanali pansi pa chipinda chimene ndimakhala, kopanikizika, kodzaza mitu ya makina pa mashelefu, zitini za mabobini, malamba akale olendewera pa msomali, ndi kabotolo ka mafuta ka mlomo wautali kamene kankasowa tsiku lililonse. Khomo loyandikana nalo linali la telala, mlongo wa malemu akazi awo. Awiriwa ankatukwanana kuyambira m'mawa mpaka poweruka, monga amachitira alamu okondana.

Koma moyo wa a Mlendo unali mu kaliwo, ka mtengo kosutira fodya kaja, kokhota ngati khosi la tsekwe. Fodya wake ankasakaniza okha. Ankatenga masamba ofiira, achikasu ndi akuda bii, kuwadula bwinobwino, kuwawaza vanila ndi uchi, kuthiramo makoko ouma a malalanje ndi chinthu china chimene sanaululire munthu, n'kutsendereza zonsezo m'chitini ndi mutu wa makina akufa. Akayatsa, msewu wonse unkasintha khalidwe. Amayi obwera ndi makina ankaiwala dala chimene abwerera. Oyendetsa mabasi ankachepetsa liwiro popanda wokwera. Banja lina lomwe linkapita kukalekana linadutsa pakhomopo, mkazi n'kuima, mwamuna n'kuima, ndipo mpaka lero ali limodzi, akukanganabe. Ine utsiwo unkandipeza kudzera m'ming'alu ya pansi, ndipo ana ambiri anakhoza masamu chifukwa ndinachonga mapepala awo nthawi imeneyo.

Munthu mmodzi yekha sankalimva fungolo: mwini wake. Akuti wosuta kaliwo samva kununkhira kwa utsi wake, mphuno imakhuta msanga n'kugona. Chimene a Mlendo ankamva chinali kutentha pa lilime basi.

"Alamu, leroli ndiye mwaposa," telala ankatero, ataponya mutu pakhomo, tepi ili m'khosi. "Ngati wina akuphika keke m'munda wa malalanje."

"Keke wake uti? Ine ndikumva ngati ndanyambita simbi yanu."

"Ndiye mumasutiranji?"

"Kuti inu mununkheko bwino, alamu. Mlongo wanu anandisiyira ntchito imeneyo."

Atamaliza kusuta ankagamula mlandu wa fodyayo mokweza, ngati woweruza. "Poyatsa: waulemu, wolera bwino. Pakati: wayamba mwano, waluma lilime. Pansi: matope okhaokha, kaliwo akulira ngati chule." Kenaka nkhope inkagwa. "Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nanga wangayu, ali pamphuno za anthu onse kupatula yanga, ndi wa yani?"

Chimene ankafuna chinali chaching'ono: kulimva fungolo kamodzi kokha, monga alimvera munthu wodutsa. N'chifukwa chake anatulukira zoodira zija. Ankatseka zenera, kutsekera zigamba pansi pa chitseko, kusuta mpaka mashelefu osaoneka, n'kutuluka msangamsanga kukayenda mpaka kumapeto kwa msewu kuti mphepo itsuke mphuno. Kugogodako kunali ndi chifukwa chake. "Mphuno ndi yaulesi," ankatero. "Ikadziwa kuti yafika kwawo imavula nsapato n'kugona. Uyenera kuinamiza kuti ili kwa eni." Koma akabwerera msanga, mphuno inali isanadzuke. Akachedwa, ankapeza phulusa lozizira ndi mafuta a makina. Pakati pa msanga ndi kuchedwa anasakapo zaka zambiri, osapeza kanthu.

Tsiku lina anati vuto ndi loti akusuta okha. Anamukhazika telala pa mpando, kumupatsa kaliwo, iwo n'kukaima panja. Telala anali asanasutepo chibadwire. Anakoka ngati akuyamwa mafuta m'thanki ya galimoto. Pamene a Mlendo ankalowa, chipewa chili m'manja, anapeza mlamu wawo atagwada, mutu uli m'chidebe cha zigamba.

"Mwamva chiyani, alamu?" telala anafunsa ali m'chidebe momwemo.

"Ndamva zimene munadya masana."

Anthu osuta ndudu nawonso anayesedwa, koma onse ankakoka mwaphuma, fodya n'kupsa ngati tchire. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," a Mlendo ankawakalipira. "Uyu si fodya wothawira mvula. Amafuna kumupsompsona, osati kumumenya."

Atataya chikhulupiriro mwa anthu, anatembenukira ku zimene ankazidziwa. Anatenga chopondera cha makina osokera, pampu ya njinga ndi kapaipi ka mpira, n'kupanga makina osuta. Zinkangofunika munthu wopalasa pang'onopang'ono. Tsoka lake, wopalasayo analinso telala, ndipo phazi la telala limadziwa liwiro limodzi lokha, la madiresi a ukwati wamawa. Kaliwo anafiira, analavula moto, kapaipi kanasungunuka, ndipo nsidze za telala zinapita osatsazika. A Mlendo atalowa anaima chilili, maso ali gwa.

"Ndamva! Alamu, ndamva fungo!"

"Lotani?"

Ananunkhizanso, mapewa n'kugwa. "Mpira. Ndi tsitsi la munthu wopanda nzeru."

Tinaseka mwezi wathunthu. Tinkasekabe pamene mawu awo anayamba kusasa, chifukwa "odi" wawo ankamveka ngati wa tambala wachimfine. Amene sanaseke ndi mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino. Anawatengera kuchipatala mokakamiza, ndipo kumeneko anapeza chotupa kuseri kwa mphuno, chotsikira kummero. Dokotala analetsa fodya kotheratu.

Tinkayesa abwera akulira. Anabwera akumwetulira.

"Simukuona?" anauza telala. "Mphuno ipuma tsopano. Ikadzuka, ine ndidzakhala munthu wodutsa weniweni. Chatsala ndi wosuta. Khalani pansi, alamu, sukulu yayamba."

Anamuphunzitsa ndi kaliwo wopanda moto, kuti mphuno yawo isalaweko nthawi isanakwane. Kudzaza kwake: pansi mopepuka ngati ukugwira khanda, pamwamba molimba ngati ukupatsa moni mkulu mnzako. Kukoka kwake: pang'ono, n'kudikira, n'kuiwala kuti ukusuta. Zoyatsa zenizeni telala ankakayesera kuseri kwa nyumba yake, kutali, akutsokomola ndi kutukwana, mkazi wake atamuthamangitsira ku bafa. Munthu amene ankadana ndi fodya moyo wake wonse anaphunzira kusuta chifukwa cha mlamu wake.

M'miyezi imeneyo a Mlendo ankapita kuchipatala kukawotchedwa chotupacho ndi makina, ndipo ankabwerako ataonda kuposa mmene anapitira. Shopu inkakhala yotseka. Anayamba kudandaula kuti mwana wawo waiwala kuphika, chilichonse chikukoma ngati pepala. Tsiku lina mkaka unapserera pa moto iwo atakhala pafupi pomwepo, nyumba yonse utsi, koma anapitiriza kupukuta kaliwo wawo osatembenuka. Namwinoyo anapita kwa telala.

"Malume, mphuno ija inafa. Makina aja anaiwotcha. Sidzukanso."

"Iwo akudziwa?"

"Akuti ikugona tulo tomaliza, idzuka yanjala. Akufuna muwayatsire kaliwo Loweruka likubwerali."

"Tiwauze?"

"Auzeni inuyo. Ine ndawauza kale zambiri chaka chino."

Telala sanawauze.

Loweruka masana ndinaitanidwa kuti ndikawagwirizize mkono, chifukwa okha sakanatha kuyenda. Anavala jekete, imene tsopano inkaoneka ngati yobwereka. Analamula kuti awamange kansalu m'maso. "Maso ndi abodza," anatero ndi mawu onong'ona aja. "Akaona utsi auza mphuno zoti inene." Ine mbali iyi, mwana wawo mbali iyo, tinayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pakhomo pa shopu. M'katimo telala anali atayatsa kale.

Anagogoda. "Odi."

"Odini, lowani!" telala anayankha, ndipo kanali koyamba kuti pakhomo limenelo ayankhe munthu wina.

Sindidziwa kulemba za fungo, ndipo ndikuopa kuwonjezera. Ndingoti telala anasuta bwino tsiku limenelo. Utsi unali utayala m'chipindamo mofatsa, wabuluu, osathamanga. Munali vanila, munali uchi wotentha, malalanje ali chapatali, ndi chinthu chachinsinsi chija pansi pa zonse, chonga mtengo wonyowa ndi mvula yoyamba. Sunanunkhirepo chotero ngakhale m'manja mwa mwini wake. Anthu anayamba kuima mumsewu.

A Mlendo anavula chipewa. Anakweza mphuno, kukoka mpweya, kutembenukira uku, kukokanso. Anatsokomola pang'ono.

"Nanga bwanji, alamu?" anatero. "Yatsanitu. Ndaima nthawi yaitali."

Telala anayang'ana mwana wa mlongo wake. Anayang'ana ine. Kenaka anachotsa kaliwo pakamwa, utsi ukutulukabe, n'kumubisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa.

"Machesi anyowa, alamu."

"Machesi anyowa?"

"Onse. Denga lanuli likudontha."

"Mvula inagwa liti?" anafunsa a Mlendo. Kansalu ka m'maso kaja kanali katanyowa, koma utsi umalowa paliponse, ndipo sindikufuna kulemba chimene sindikuchidziwa. "Telala wopanda nsidze, wopandanso machesi. Mlongo wanu ankanena kuti kwanu nzeru zinathera pa iye. Chabwino. Loweruka linalo. Mugule machesi a anthu."

"Ndigula, alamu."

"Musandimasule kansaluka. Nditulutseni chomwechi."

Loweruka linalo anali m'chipatala, ndipo sanatulukemonso.

Mlendo ndi mame, amatero, sachedwa kukamuka. Shopu ija analowamo mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni, ndipo anapaka utoto woyera makoma onse. Msewu wathu tsopano umanunkha zimene unkanunkha kale tisanadziwe: ngalande, utsi wa mabasi, mafuta okazingira obwerezedwa. Anthu amadutsa mwachangu. Telala amasoka chitseko chili chotseka, alibe womutukwana, ndipo wayamba kulankhula mwaulemu ndi aliyense, zimene zikutiopsa. Kaliwo sanamukhudzenso. Akuti akangomuona lilime limawawa.

Pochotsa katundu, namwino anapeza chitini chomaliza cha fodya uja pansi pa mutu wa makina. Anandipatsa ine pamodzi ndi kaliwo. "Aphunzitsi, inu mumasamala zinthu," anatero. N'zoona, ndimasamala. Ndinamata chivindikiro ndi tepi, kukulunga chitinicho m'pepala, n'kuchiika pamwamba pa kabati pomwe sipafika dzuwa. Koma telala wandiuza kuti fodya wotere sasungika. Fungo limathawa pang'onopang'ono ngakhale chitini chili chotseka, ndipo tsiku lina ndidzatsegula n'kupeza masamba ouma chabe. Wina sangapangidwenso, poti chinthu chachinsinsi chija chinapita ndi mwini wake.

Ndaganiza kuti ndisasamalenso. Ndapempha telala kuti andiphunzitse kudzaza ndi kukoka, ndipo wavomera, atanditukwana koyamba chimwalirire alamu ake. Ndikadziwa, ndidzakhala pa masitepe apansi masana, pamene anthu ali ambiri mumsewu, n'kuyatsa. Ndikudziwa kuti ndidzatsokomola, lilime lidzapsa, ndipo ana a sukulu adzandiloza. Ndikudziwanso kuti chitinicho n'chaching'ono, chikatha chatha. Ndi ine amene sindidzamva kalikonse. Koma kuti msewu umve, pafunika mmodzi woti asamve, ndipo malo amenewo ali opanda munthu.