Msomali wa pa Mbaula ndi Kalikuleta ya a Shaba

Inu amene munatsala ku Dedza mukandiimbira kufunsa kuti ku Mzimba kukuyenda bwanji ndimangoti bwinobwino. Lero ndiulula, mundiseke mpaka nthiti zipweteke, ndaloleza ndekha.

Paja mukudziwa kuti ananditumiza kukaphunzitsa masamu pasukulu ina kupitirira Edingeni, mayi a ana ndi atsikana anga awiri n'kutsala kumudzi. Nyumba ya zipinda zitatu, mkatimo ndili ine, mpando umodzi, mbaula ndi abuluzi. Kusukulu anzanga amacheza m'Chitumbuka, akaseka nanenso ndimaseka, mochedwerapo pang'ono, osadziwa kuti mwina akuseka ine. Kusungulumwa kumapweteka abale, munthu umafika poyankha moni wa pawailesi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankakoka mpando n'kukhala pafupi nane, a Shaba, mkulu wa masamu, bambo waimvi wotsala pang'ono kupuma ntchito. Chichewa chawo n'chokhotakhota koma ankadzikakamiza chifukwa cha ine. A Shabawa anali ndi kalikuleta, osati tija ta m'magolosale ayi, chinthu chachikulu chojambula magalafu pagalasi. Ukalemba samu mzere umayamba kukwawa wokha, ana a Folomu 4 kukamwa yasaa! Anawatumizira ndi mwana wawo wamwamuna amene anapita ku Joni, ndipo ndi chinthu chomaliza chimene anatumiza asanasiye kuimba foni. Ankayisunga m'sokosi, m'thumba la jekete.

Vuto lake inali yosusuka. Imadya mabatire anayi ang'onoang'ono nthawi imodzi, ndipo a m'maokala a kuno sachedwa kutha, galafu imafera panjira ana akuyembekeza. Ndiye tsiku lina ndikuseweretsa foni ndinaona vidiyo ya mzungu wina akulumikiza chingwe cha tchaja ku kalikuleta ngati yomweyo kuti izidya moto wa pawabanki. Mphindi zochepa chabe, akumwetulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine mumtima ndinati ndikawachitira zimenezi a Shaba ubwenzi wathu wakhazikika, mwina mpaka adzandiitana kwawo, poti chibwerereni palibe amene anali atandiuzapo kuti tiyeni mukaone pakhomo.

Lachisanu poweruka ndinawapempha.

"Asambizgi, mukuzidziwa nadi vinthu ivi?" anandifunsa, dzanja lili pathumba la jekete. Asambizgi ndiye aphunzitsi m'Chitumbuka.

"Aa bambo Shaba, zazing'ono izi. Lolemba mudzaipeza ikuyaka ngati foni."

Ine amene chibadwire sindinakonzepo ngakhale tochi! Anandipatsa ndi manja awiri, ndi sokosi yomwe.

Loweruka m'mawa ndinayala zida pakhonde. Mzungu uja anali ndi tebulo lodzaza zitsulo zonyezimira. Ine ndinali ndi mpeni wodulira tomato, pulayala, msomali wa mainchesi anayi, mtovu umene ndinapala m'wailesi yakufa, ndi mbaula. Timasikuluu take n'tamitu ya nyenyezi, koma nsonga ya mpeni inachotsa tisanu. Kachisanu ndi chimodzi kanakana, ndinakapota mpaka mutu wake unasalala, ndiye ndinangolowetsa mpeni m'mbali n'kukanula. Phwa! Yatseguka. Mkatimo munali kalamba kopyapyala ngati khoko la anyezi kolumikiza galasi, ndipo kanali katang'ambika pakona. Ndinadziuza kuti kanthu kakang'ono chonchi sikangakhale ndi ntchito yeniyeni. Ndikuganiza zimenezo kasikuluu kamodzi kanagubuduka n'kugwa pansi, thadzi la aneba linafika, jomph, lameza. Tinayang'anana ine ndi nkhukuyo, palibe amene anapepesa mnzake.

Ndinadula chingwe cha tchaja. Cha mzungu chinali ndi waya wofiira ndi wakuda, ndipo anachita kubwereza kuti osasemphanitsa. Changa, chogula pamsika, chinali ndi wobiriwira ndi woyera. Ndifunse ndani? Khoma? Ndinasankha momwe amasankhira ana anga a m'kalasi pamayeso akakhala kuti sanawerenge, kutsinzina n'kuloza. Safunsa anadya phula, koma nanga pakhondepo wofunsidwayo analipo?

Kenako ndinaika msomali pambaula mpaka unafiira, kuugwira ndi pulayala, kuti ndisungunulire mtovu pawaya. Thukuta lili m'maso, msomali unaterera n'kukabowola pulasitiki mpaka kutulukira pabatani lalikulu lija lopereka yankho. Linasungunuka ngati sera, fungo la jumbo yopsa lili thoo pakhonde ponse. Munthu wanzeru akadalekera pomwepo. Ine ndinawotchanso msomali, mawaya anagwira, ndipo ndinadzitamandira ndekha mokweza poti panalibe wondiombera m'manja.

Ndinalumikiza kupawabanki. Galasi linaphethira kamodzi, mzere wakuda unadutsa, kunamveka kuti tsii, kautsi kowonda n'kukwera. Basi. Ndinabwezeretsa mabatire, zii. Ndinaiuzira, kuigwedeza, kuiyanika padzuwa, mpaka kuipempherera, zii.

Abale, ndinakhala pakhonde paja mtima uli m'malere. Sikuti ndinkalirira pulasitiki. Ndinkaona a Shaba akutsegula sokosi, chinthu chomaliza cha mwana wawo chili zidutswa, ndiponso ndinkaona mpando uja wa pafupi nane uli wopanda munthu mpaka chaka chithe. Ndinachita mantha enieni. Ndinakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki kuti ndiwauze mayi a ana, anangofika poti "Nanga anakutumani ndani?" foni n'kuduka.

Masana omwewo ndinakwera matola wa ku Boma, zidutswa zili m'jumbo. Pafupi ndi msika pali bambo wina wokonza mafoni, wamimba, magalasi ali pamphuno. Anakhuthula jumbo patebulo, kuyang'ana, kununkhiza, n'kuvula magalasi.

"Ninjani wachita ichi? Wapanga zimenezi ndani, dada?"

Pabenchi panali amayi atatu akudikira mafoni awo, onse maso ali pa ine. Pakamwa panga panayankha pokha.

"Mwana wanga. Ana a masiku ano, mukudziwa."

"Mwana? Na msomali? Uyo mukamukwapule chomene! Onani, wasemphanitsa mawaya, wawotcha vyose. Ndiponso panalibe chifukwa chotsegulira, mawaya akadalowa pamalo pa mabatire pomwepa. Mwana wambula mahara, wopanda nzeru ngakhale pang'ono."

"Ndikamulanga ndithu," ndinatero ine, ndipo amayi aja anavomereza kuti ana ena ndi mayesero.

Bambo uja anatembenuza chivundikiro, pomwe panali dzina la eni ake lolembedwa ndi singano, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. "Yafwa iyi," anatero, n'kundibwezera jumbo yanga.

Lamulungu kutchalitchi sindinapite, ndinkayeseza mawu odzanena Lolemba. Cha m'ma 2 koloko ndinamva "Odi!" Chibwerereni pakhomo panga panali pasanamveke odi. Kutsegula, a Shaba ali chilili ndi jekete yawo, kumbuyo kuli akazi awo, anyaMoyo, atasenza dengu la nthochi ndi chigubu cha chindongwa, thobwa la kuno. Alendo anga oyamba! Mpando uja ndinapereka kwa a Shaba, anyaMoyo pamkeka, ine pandowa yovundikira.

Titapatsana moni, a Shaba anakhosomola.

"Asambizgi, tapulika, tamva kuti muli ndi mwana pakhomo pano, ife osadziwa. Muphwa wane wokonza mafoni ku Boma, mwana wa mlongo wanga, ndiye wandiimbira. Mbwenu tati tikamuone. Amama awa amutengera nthochi. Tamuitanani."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinayang'ana kudenga, kuyang'ana abuluzi, palibe wondithandiza. Ndinalowa kuchipinda, kutenga jumbo ija, kugwada pamaso pawo, bambo wa ana awiri, wa ndevu zake.

"Bambo, mwanayo ndine. Pepani."

Palibe amene anaseka. A Shaba anatola zidutswa chimodzichimodzi n'kumaika m'sokosi, anasisita pabatani losungunuka lija ndi chala, maso ali pansi. Bola akadandikalipira. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, misozi inalengeza.

"Wanga ali ku Joni, sandiimbira," anatero pomaliza. "Uyu wapafupi ndiye wandiphwanyira. Mbwenu, ŵana ndimo ŵaliri, ana ndi mmene alili."

AnyaMoyo anasenda nthochi n'kundipatsa ndili chigwadire. "Mwana ukamusiya yekha m'nyumba ndiye amatsegula vinthu. Loweruka lililonse azibwera kwathu uyu, tizimuona."

Kalikuleta ija sinadzukenso. A Shaba amajambula magalafu ndi choko, ndipo ndikawaona akufufuta ndi chigongono mtima umandipwetekabe. Koma Loweruka lililonse ndimapita kwawo, ndipo ndikangoti odi pageti ndimamva anyaMoyo akufuula m'nyumba kuti, "Mwana wafika, bisani wailesi!" Abale, ndalapa. Chinthu chilichonse chokhala ndi sikuluu, kaya chidwale chotani, ine manja kumbuyo, chikafere m'manja mwa eni ake.