Matiresi a Masiku Asanu ndi Awiri

Aphunzitsi, mukuseka chiyani? Inu a ku Dedza mwabwera dzana, simundidziwa. Funsani aliyense pa Chintheche pano za ine Mhone, ndipo ngati ndikunama mwendo uwu uthyoke.

Chinali chaka chimene tinayamba kuvota zamatipate. Ndinagula matiresi kwa Ada Kamanga, wasitolo wa pamsika. Iye anati, "Kayeseni masiku asanu ndi awiri. Akapanda kukukomerani mubweze, koma akhale mmene mwawatengera."

Kufewa kwake matiresiwo! Mkazi wanga NyaLongwe atagonapo anamira, tinachita kumuvuula ndi chingwe cha ukonde amuna anayi, ndipo atangotuluka anati ndisankhe, achoke matiresi kapena iye abwerere kwawo ku Bandawe. Apo n'kuti lili tsiku lomaliza, dzuwa lili pamutu, sitolo yotseka faifi.

Ndinawasenza kuti ndikawabweze, ndangoponda msewu wa tala, mwera uwo, kundinyamula ine ndi matiresi omwe, kundidutsitsa pamwamba pa tchalitchi, ine ndakwera pamwamba pake ndagwira m'mbali, nkhwazi zikundipatukira, mpaka ndinaona chilumba cha Chizumulu pansi chili ngati chitumbuwa. Mukumva? Mphepo italeka ndinagwera pakati pa nyanja, matiresi n'kuyandama, ine n'kumapalasa ndi patapata, kenako ng'ona yotalika ngati minibasi ziwiri yatulukira, yayasamula, ine mbama phaa, n'kuimanga kukamwa ndi lamba wa thalauzi, n'kuiuza kuti kokera kumtunda, ndipo inandikoka mpaka ku gombe la Makuzi, azungu akuwomba m'manja. Musagwedeze mutu, aphunzitsi! Kuchokera apo ndinathamanga liwiro loti mphepo yake inaumitsa matiresi onse gwa, ndipo ndinafika Kamanga akungotulutsa loko.

Anapapasa, anatembenuza, kenako ananunkhiza pakati.

"Ada Mhone, apa pananyowa ndi chiyani?"

"Madzi a m'nyanja."

"Ine ndabadwira pa nyanja ino. Sinunkha chonchi."

Anakana, pamaso pa amayi ogulitsa usipa, ndipo ndinawasenzanso kubwerera nawo kunyumba. NyaLongwe sanapite kwawo. Akuti sangasiye nkhani yokoma chonchi kuti aziifotokoza ena.

Ng'onayo ndinaigonjetsa, zimenezo ndilumbira ngakhale m'tchalitchi. Kungoti pamene inayasamula poyamba paja, chikhodzodzo changa sichinadikire kumva maganizo anga.