Dzino Lotsiriza la Atate

Lolemba

Atate sakudya. Tsaya latupa, nkhama zikutuluka magazi, nsagwada akuti ikuwawa mpaka m'khutu. Gwero lake ndi dzino lakutsogolo lija, limodzi lokha lotsala mwa mano awo osongola. Anawasema akali mnyamata, monga ankachitira Achikunda akale. Ena onse anagwa. Lero nalonso likugwedera.

Ndawauza kuti tikwere bwato, tipite ku boma ku Feira akalizule. Andiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe mwana, nikafa nilibe ili, makolo anga azaniziwa bwanji? Azati ni mulendo, anipitikise."

Ine ndine wa mpingo, zoterezi sindiyenera kuzisamala. Koma mantha ndawaona m'maso mwawo, ndipo mtima wandipweteka. Basi, dzino silichoka. Ndilichiritsa ine, konkuno ku Kavalamanja!

Lachiwiri

Malamulo anga:

madzi ofunda amchere, m'mawa ndi madzulo;
kamtengo kotsukira mano, kotafunatafuna, kopaka pankhama pokha;
nsomba zouma ayi, masau ayi, chimanga chokazinga ayi.

Mkazi wanga Sabina akuwaphikira phala la mapira. Atate akuliyang'ana ndi diso loipa. "Nasanduka khanda lomba?" Amwa ndithu. Madzi amchere alavula ofiira.

Lachitatu

Afika a Zuze, anansi athu amene amagulitsa nsomba kutsidya. M'manja botolo la kachasu wa masau. Akuti mchere ndi mankhwala a akazi, mwamuna amachukucha ndi uyu.

Ndawalangiza Atate bwinobwino: chukuchani, lavulani. Kuchukucha achukucha. Kulavula ayi! Akuti chinthu cha mphatso sataya pansi.

Masana onse akuimba nyimbo za osaka njovu, nsagwada yaiwalika. Dzuwa litapendeka ululu wabwerera, wabwera ndi abale ake.

Lachinayi

A Zuze akuti m'dzinomo muli mphutsi, ndiyo ikufukula nkhama. Mankhwala ake ndi utsi wa nthula. Njere paphale lamoto, bango lolowetsa utsi m'kamwa, mbale ya madzi pansi pachibwano.

Atate akutsokomola mpaka misozi. M'madzi mwagwa tizinthu toyera. A Zuze akuvina: "Izo! Zachoka!" Sabina wasuzumira, wanena chapansipansi kuti ndi njere zomwe zija. Ndamukalipira, ngakhale ndikudziwa kuti sananame.

Dzino likugwedera kuposa dzulo. Mwina nchifukwa cha chifuwacho.

Lachisanu

Mphini patsaya, mankhwala akuda opaka. Fodya wamphuno pankhama. Nsalu yofunda yomanga kuchokera kuchibwano mpaka pamutu. Zonse tsiku limodzi, pakuti nzeru zandithera.

Munthu amene ankapalasa bwato pakati pa mvuu osaphethira wakhala pakhonde atamangidwa ngati mtolo. Diso limodzi latsekeka ndi kutupa. M'kamwa mukununkha mafinya. Sakudandaula ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi ndicho chikundipha.

Ndapempheranso. Sindikudziwa ngati nkololedwa kupempherera dzino lopita nalo kwa makolo, koma ndapempha.

Loweruka

Lagwa.

Osati ndi fupa, osati ndi masau obisa. Ndi dzungu lophika, lofewa ngati phala! Atate aluma, dzino latsalira m'dzungumo, lagubuduka pansi. Nkhuku yathu yoyera, yoikira mazira, yalitola ngati chimanga. Kwi, yameza.

Kulira kumene alira Atate sindinakumvepo, ngakhale pamaliro a amayi. Ndathamangitsa nkhukuyo kudutsa m'dimba la a Zuze, Sabina ndi mtanga kumbuyo kwanga, mudzi wonse ukuseka osadziwa chomwe chachitika. Taigwira m'mabango. Sabina sanalankhule za mazira ake, wangondipatsa mpeni.

Ndalipeza m'nthutumba, pakati pa timiyala. Kanthu kakang'ono, kachikasu, kosongoka. Ndalitsuka ndi madzi amchere omwe aja, ndalipereka ndi manja awiri.

Lamulungu

Kutupa kwaphwa. Mafinya atuluka okha, Atate agona tulo koyamba sabata yonseyi. Ndiye kuti dzino limene ndakhala ndikuliteteza ndilo linali kuwazunza. Ku boma akanalizula Lolemba, ndipo nkhuku ikanakhala ikuikirabe.

Kutchalitchi ndapita, ulaliki sindinaumve.

Sabina wasokera dzinolo m'kansalu, Atate alivala m'khosi. Nkhuku anaiwamba dzulo, lero waiphika. Nthutumba waika m'mbale ya Atate, pakuti pakhomo pano ndi ya mkulu wa banja kuyambira kale.

Aitola. Aiyesa mbali iyi, aiyesa mbali inayo. Nkhama zokhazokha. Kenaka aiika m'mbale yanga.

"Idya, niyako lomba." Agwira kansalu kaja pachifuwa. "Koma siku langa likafika, usatume munthu. Unisegule kamwa wekha, uliike pamalo pake. Olo abusa ako akalipe."

Ndavomera. Nthutumba ndaidya yonse, iwo akundiyang'ana. Ndakhala ndikuisirira kuyambira ubwana wanga, koma lero yavuta kumeza.