A Faides Osachoka Pakhomo

Ku Magodi kunalibe munthu wodziwa kukhala pansi ngati a Faides NyaZimba. Ena amatchuka ndi kwaya, ena ndi fodya, koma iwo anatchuka ndi kukhala basi. Akatsika pa njinga n'kumasula kampando kawo, n'kuti, "Monile amama, munapimitsa?" tsiku lanu latha. Sankanyamuka mpaka mutavomela kukapimitsa khansa ya khomo la chibelekelo.

Palibe anawatuma. Mng'ono wawo anamwalila ndi matendawa atawabisa mpaka kuwonda ngati bango, ndipo kuyambila pamenepo a Faides anayamba kuzungulila midzi. "A m'tauni ku Lundazi amapimitsa pobwela kumsika," ankatelo. "Ife kuno tikutha ndi mtunda ndi manyazi."

Azimayi ankawathawa ngati a msonkho. Mmodzi wa iwo, Sophia, atamva belu la njinga anakwela m'nkhokwe. A Faides anakhala pansi pake n'kuyamba kusenda nshawa za eni ake. Dzuwa litafika pamutu, m'nkhokwe munamveka kuyetsemula.

"Pepa nkhokwe," anatelo a Faides. "Chimfine chimenecho tikapimitse pamodzi Lachinayi."

Ku tchalitchi anakhalapo pakhomo penipeni mapemphelo atatha. Akuti amayi a chigwilizano, mayunifomu ali m'thupi, anatulukila pawindo.

Koma amene anaona zakuda ndi Jemima. Iyeyu ankataya magazi nthawi yosayenela, osauza munthu. Kupita ankafuna, koma mwamuna wake Luckson anali atalamula kale: "Mkazi wanga savulila munthu wina. Ukapita, usabwelele." Ndiye a Faides atafika, Jemima anadzitsekela m'nyumba. Kunja kuli a Faides, kukhola kuli Luckson, m'mimba muli chinthu chosadziwika. Anakhala pa mphasa n'kumayang'ana chitseko, osadziwa kuti aope uti.

"Mufuna chiyani pano, amama?" anafunsa Luckson.

"Ndikupumula, adada."

"Kwanu kulibe mthunzi?"

"Ulipo, koma ulibe Jemima."

A Faides anaona msanga kuti loko wa nyumba imeneyi ndi mwamuna, ndiye anasiya chitseko n'kuyamba kulondola Luckson. Akapita kukamwetsa ng'ombe, kampando kali pambali. Akalowa m'chigafa cha fodya, "Odi!" Akakhala pa mowa ndi anzake, a Faides ali kumbuyo kwake, kufotokoza mokweza mmene chibelekelo chinapangidwila, mpaka madoda kusiya makapu. Anthu anayamba kumufunsa Luckson ngati lobola ya mkazi wachiwiliyu anamaliza.

Tsiku lina Luckson analowa m'nyumba thukuta lili kamukamu.

"Jemima, vala. Ndamanga ng'ombe pa ngolo." Kenako anatulutsa mutu pakhomo. "Mtengeni! Ngati mufuna, nanenso mukandipime!"

"Chibelekelo mulibe, adada," anayankha a Faides, akukweza njinga m'ngolo. "Koma mutuwo tikafunsa ngati ali ndi makina ake."

Wopima anali mzimayi mnzake. Anapeza tizilonda tongoyamba kumene, n'kuthana nato tisanasanduke khansa. Pobwelela Jemima analila njila yonse, Luckson n'kumakalipila ng'ombe zosalakwa kuti asayang'ane kumbuyo. A Faides anagona tulo, kukamwa kuli yasa.

A Faides anatisiya dzinja lathali. Anagwa akupalila m'munda mwawo, ndipo pomwe ankafika nawo kuchipatala anali atapita kale. Pa malilo azimayi ankalila, wina akakumbutsa zimene anachitidwa n'kuphulika kuseka, kenako kulilanso. Luckson ndiye anayamba kukumba manda.

Masiku ano Jemima amadutsa mudzi wonse kuchoka kuchitsime osamva wofunsa za thupi la mnzake. Moni ndi wa mvula, feteleza ndi mitengo ya fodya. Akaona mtsikana wongokwatiwa kumene akuyenda atagwila m'chiuno, mawu amafika pakhosi, koma apongozi ake a mtsikanayo ali pomwepo, ndiye amangoti, "Muli uli?" n'kupitilila.

Mwezi wathawu opima anabwelanso pa kiliniki. Jemima anapita kukaonetsanso, n'kupeza mabenchi ali mbee.

"Anzanu ali kuti, amama?" anafunsa nesi.

"Ali kumunda. Akuti adzabwela ulendo winawo."

Nesiyo anasuzumila kumsewu kanthawi. Kenako anayamba kulongedza zida zake m'bokosi, dzuwa likadali m'mwamba.