Tsiku lomwe ndinaphikira apongozi chubwi

Mpaka lero apongozi anga akamabwera kwathu ku Kabwata amanyamula poto wawo wandiwo. Sindiwadandaula. Ndinaziyamba ndekha.

Mkazi wanga Thandi atamwalira, amayi ake a ku Chelstone anafuna kutenga Taonga, mwana wathu wa zaka zisanu. Ankati mwamuna payekha sangadyetse mwana. Sindinatsutse (mphamvu zokangana ndinalibe). Ndinangowaitana Lamlungu kuti adzalawe zophika ine.

Ndinagula nyama ya ng'ombe yokwana anthu atatu. Magetsi anathima, ndiye ndinayatsa mbaula. Mbaula ilibe pochepetsera moto, ndipo zimenezi ku koleji sanatiphunzitse. Nyama itayamba kupserera, ndinathira madzi. Apongozi anafika ndi ang'ono awo awiri. Ndinasuzumira m'poto, ndikuthiranso madzi. Kenaka kunalowa amuna awo a mmodzi wa iwo, omwe anatsalira panja akuimika galimoto. Ndinathiranso. Apa n'kuti matimati atatha kale.

Tinakhala patebulo. Bambo aja anazunguza chipande m'mbale ngati munthu wofunafuna ndowa yogwera m'chitsime.

"Adadi, mwapika chubwi!" anakuwa Taonga.

Chubwi ndi mawu akale a kwawo kwa Thandi. Ndi ndiwo zamadzimadzi, zoti nyama inangogweramo, chubwi, osaonekanso. Thandiyo ankawanena mwezi ukafika poipa, akutula mbale patebulo uku akuseka. Chimwalirire, palibe anali atawatchulapo m'nyumba muja. Ine ndinangoti maso pa botolo la mchere.

Apongozi anagwira pakamwa. Ndinkayesa akulira. Ankaseka, ngakhale m'maso munali mutanyowa.

"Atate ake Taonga, uyu si chubwi," anatero. "Chubwi amankalako na tomato. Uyu ni mtsinje wa Kafue."

Kenaka anatembenukira kwa mwana. "Iwe, tenga jelesi yako uvale, tiyende ku Chelstone. Kuli nkuku."

Ndinalibe chodziteteza nacho, umboni unali m'mbale.

Taonga anaviika mbamu yake, msuzi ukutsetserekera ku chigongono.

"Nanga adadi azadya na ndani chubwi yao?"

Apongozi anasamba m'manja, ananema nsima, ndikuyamba kuwedza nawo.

Mwana anatsala. Kuphika ndikuphunzira, pang'onopang'ono. Koma poto akangoyamba kulira pa mbaula, dzanja langa limathamangirabe ku kapu yamadzi. Masiku ena ndimalisiya dala, kuti ndimvenso mawu aja.