Fato Imene Ndinathawa Nayo ku Lifidzi

Nkhani iyi kwathu amaikamba ine ndikangotuluka panja. Lero ndiikamba ndekha, popeza manyazi ake ndi anga.

Ine ndakumanapo ndi anthu otchuka. Umboni ulipo, kungoti umafuna munthu woufotokozera.

Woyamba anali ambuye episkopi, nthawi ya Apwitikizi, atabwera kudzapereka ulimbitso ku misau, ndiye kuti mishoni, ya Lifidzi. Ine ndinali pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, wachinyamata pasikola pamenepo, wamtali bwino, ndiye anandisankha kuti ndiwagwirire ambulera. Chithunzi chinapachikidwa m'nyumba ya ansembe. Munali episkopi, ambulera, ndi dzanja. Dzanjalo linali langa.

Wachiwiri anali mtsogoleri wamkulu wochokera ku Maputu, ufulu utangobwera. Anachititsa msonkhano ku Ulongwe, ndipo ine ndinalawirira mpaka ndinapeza malo kutsogolo kwenikweni. Mu jornali, nyuzipepala ya kwathu, munatuluka mtsogoleriyo akuloza kumwamba, ndipo m'munsi mwake munali nkhongo ya munthu. Amene anaizindikira nkhongoyo anali mayi anga okha.

Maulendo onsewa ndinali nditavala fato yanga, imene anzathu a ku Dedza amati suti. Inali yotuwa, buluku ndi jekete yake imene ife timati kazako, ya mabatani a nyanga, ndipo ndi imene ndinakwatira nayo.

Nkhondo itafika ku Lifidzi tinathawa mmawa, mfuti zikulira kuseri kwa phiri. Akazi anga, a Nangozo, anabereka Zita kumbuyo, nasenza mphika ndi mbewu ya nyemba. Ana aamuna awiri anagwira nsonga za chitenje chawo. Ine a Nangozo anandituma kulowa m'nyumba kukatenga bulangete. Ndinatuluka ndi fato.

Anaiyang'ana fatoyo kamodzi, n'kuyamba ulendo. A Nangozo amadziwa kusunga nkhani.

Ku Ulongwe tinkakhala kuseri kwa nyumba yosungiramo chimanga, pamodzi ndi othawa nkhondo anzathu. Zovala zinatha pathupi. Chitenje cha a Nangozo chitang'ambika kotheratu, anaboola thumba la chimanga n'kulowetsa mutu, monga ankachitira amayi ambiri. Fato yokha inali bwinobwino, itakulungidwa m'pepala, ndipo ndinkaitsamira pogona.

Kenaka kunabwera chisanu cha mwezi wa Juni. Amene anakhalako ku Angonia akuchidziwa.

"Bambo a Zita," anatero a Nangozo tsiku lina, "fato ija ndiidula. Buluku litulutsa akabudula awiri. Kazako afunde mwana."

"Fato siidulidwa, a Nangozo. Inaonana ndi episkopi."

"Episkopiyo akutifunditsa?"

Atatero, anapita kukabwereka sizasi.

Chimene chinaipulumutsa fato sabata imeneyo ndi uthenga wakuti kukubwera mayi wina woimba wa kutsidya kwa nyanja, wotchuka dziko lonse, kudzaona othawa nkhondo. Ankati abwera pandege yaing'ono ndi ojambula zithunzi. Nyimbo zake sindinkazidziwa, koma zimenezo sizinandivutitse. Episkopi uja nayenso sindinamumvepo akuimba.

Ndinawapempha a Nangozo kuti andilole kuivala komaliza. Tinapangana motere: nkhope yanga ikatuluka pachithunzi pamodzi ndi mayiyo, fato ikhala ndi moyo. Ikapanda kutuluka, sizasi.

"Nkhope," anatero iwo. "Osati chiwalo china."

Tsikulo ndinasita fato ndi poto wa makala, ndinapukuta nsapato ndi khoko la nthochi, n'kumanga garavata, kapena kuti tayi, pakhosi. Ndinayenda kulunjika kubwalo kumene othawa nkhondo anawakhazika pansi, kuseri kwa chingwe. Maganizo anga anali okakhala kutsogolo.

Pachingwepo panali msilikali. Atangondiona anaima njo n'kupereka sawatcha ngati waona bwana wamkulu.

"Bon diya, shefi. Malo anu ali uko."

"Ayi bambo, ine ndine wothawa nkhondo."

"Tonsefe ndife othawa, shefi," anatero akuseka mwaulemu, n'kunditsogolera kuchisakasa cha akuluakulu.

Anandikhazika pampando wa ndalema, pafupi ndi mkulu wa boma. Akuluakulu a ku Ulongwe ankaganiza kuti ndachokera ku Tete. A ku Tete ankaganiza kuti ndine wa pa Ulongwe. Aliyense ankandigwedezera mutu, inenso ndinkagwedeza. Wina anandifunsa mmene zinthu zikuyendera kumbali yathu, ine ndinati zikuvuta. Anandiuza kuti ndanena zoona.

Kenaka anabweretsa tiyi wa mkaka ndi mbale ya bolasha, mabisiketi aja. Tiyi wa mkaka ndinali nditamuiwala fungo lake. Apa ndiye ndinaleka kufotokoza kuti ndine ndani.

Ndege inatera. Ndinkayembekezera mayi wamkulu thupi wonyezimira ndi ndolo, koma munatsika kamayi kakang'ono, katavala buluku lafumbi. Mkulu wa boma anaimirira ndi mawu ake olandirira alendo, ife tonse tinakonza magaravata. Mayiyo anadutsa chisakasa chathu osayang'anako n'komwe, n'kudumpha chingwe kulowa pakati pa othawa nkhondo. Ojambula onse anamutsatira.

Malo amene ndikanakhala ine, kutsogolo, ndi amene anayamba kujambulidwa.

Mayiyo anayenda pang'ono n'kuima pamaso pa mzimayi wina wovala thumba, wobereka mwana. Anagwira thumbalo, anayang'ana mwanayo, kenaka anamukumbatira mzimayiyo akulira. Makamera onse anatembenukira pamenepo. Ndinasuzumira bwinobwino. Anali a Nangozo.

Mtima unandiwawa. Munthu amene sanagwirepo ambulera ya episkopi, amene tsiku la msonkhano uja anatsala kumunda, ndiye ajambulidwe nkhope yonse?

Ndinadzuka, bolasha ili m'kamwa, n'kudumpha chingwe. Anthu anandipatsa njira poona fato.

"Awa ndi akazi anga!" ndinatero, n'kuima pambali pawo, chibwano m'mwamba.

Womasulira anauza mayiyo zimene ndinanena. Mayiyo analeka kulira. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, kukwera ndi buluku, kufika pagaravata, n'kuima pa nyenyeswa za bolasha zimene zinali pamlomo. Kenaka anayang'ananso thumba lija.

"Akufunsa ngati n'zoona, mayi," anatero womasulira kwa a Nangozo.

Apa a Nangozo akanatha kundithandiza. Akanangoti fatoyi ndi yakalekale, ndipo m'kati mwake muli munthu wanjala ngati wina aliyense.

"Eya, ndi amuna anga," anatero mofatsa. "Ndinawatuma bulangete pothawa, iwo anatenga imeneyi. Ana amagona osafunda, iyo imagona m'pepala."

Nkhani imene anaisunga kuchokera ku Lifidzi anaitulutsa tsiku limenelo. Womasulira anali wodziwa ntchito yake, sanasiyeko liwu.

Mayi uja anali woimba ndithu. Mawu amene anatuluka m'kathupi kameneko anamveka mpaka kumsika. Chingelezi sindichidziwa, koma chala chake chinali pamphuno panga, ndipo chinkamveka bwino.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Zambiri, shefi. Koma mwachidule akuti muvule."

"Ndivule chiyani?"

Womasulira anafunsa, n'kubwera ndi yankho. "Kazako yokha. Buluku akuti mukhoza kukhala nalo."

Ndinavula. M'kati munali malaya opanda msana, chifukwa msana wake tinapangira thewera la Zita. Anthu onse anauona, kuphatikizapo mkulu wa boma, amene tsopano ankafunsa anzake kuti kodi bambo ameneyu anabwera ndi ndani.

Mayiyo analoza mapewa a a Nangozo. Ndinawaveka kazako. Makamera anang'anima ngati mphezi, ndipo ine, ngakhale zinthu zinali zitafika pamenepo, sindinaiwale chimene ndinadzera. Ndinaweramitsa mutu pakati pa awiriwo n'kumwetulira.

Msilikali uja ndi amene anadzanditulutsa, ulendo uno popanda sawatcha. Masana anagawa zovala za kalamidadi, zija zothandizira ovutika. Nditafika pamzere, wogawayo anandiyang'ana buluku ndi nsapato.

"Izi n'za othawa nkhondo, shefi."

Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, msana uli pamtunda. A Nangozo anali kutsogolo, manja ali m'matumba a kazako, akudya bolasha zimene ndinabisamo.

Komabe ndinali ndi chiyembekezo. Ndinawakumbutsa pangano lathu: sizasi idikire mpaka tione chithunzi. Anavomera, koma kazako sanaivule.

Chimanga chili m'maondo, wansembe wina wodziwana nafe anabwera kudzatifunafuna, atanyamula magazini ya kunja. Anati yafalikira m'maiko ambiri, ndipo anthu otumiza mabulangete achuluka chifukwa cha chithunzi cha pachikuto. Anthu anasonkhana. Ine ndinasamba kumaso ndisanayang'ane.

Pachikutopo panali woimba uja, misozi ili m'masaya. Panali a Nangozo, atavala kazako yotuwa pamwamba pa thumba, akuyang'ana kutali ngati munthu wozolowera kujambulidwa. Zita ankasuzumira kumbuyo. Paphewa la a Nangozo, chakumphepete kwa pepala, panali dzanja likukonza kolala.

A Nangozo anayang'anitsitsa kwa nthawi, kenaka anatembenuza magaziniyo kuti aone ngati mbali yotsalayo ili kuseri.

"Dzanja lanu limajambulika bwino, bambo a Zita," anatero.

Tsiku lomwelo buluku linasanduka akabudula awiri. Kazako anati sangaidule, chifukwa tsopano ndi yotchuka. Amaivala mpaka lero popita kutchalitchi m'mwezi wa Juni, ndipo alendo akabwera amawaonetsa magazini ija. Akafunsa za dzanjalo, iwo amati ndi la shefi wina wa ku Tete.

Akakutuma bulangete, m'bale wanga, uzibwera ndi bulangete.