Nangumi wa Asibweni pa Jenda

Pa Jenda, pomwe madzi aakulu ndi chithaphwi cha pa siteji ya basi, panali munthu woweta nangumi. Anali a Wilkins Nkhambule, mlongo wawo wa amayi anga, amene kuno timati asibweni. Akuti anthu ankawakonda. Ine ayi, ndipo musayembekeze kuti poti anatisiya ndiyamba kuwadzoza mafuta.

Ali mnyamata anapita ku Joni, nakathera ku Debeni, kumene ankasenda anangumi, zilombo za m'nyanja yamchere zija. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga ndi majekete. Iwo anabwera ndi chifuwa ndi muyeso wa nangumi m'mutu. Anatola miyala, naiyala pansi m'maonekedwe a nangumi, mutu kuloza ku Mzimba, mchira ku Kasungu, naipaka njereza kuti mbee. Malo ake? Puloti ya malemu bambo anga, m'mbali mwa msewu.

Lamulo linali limodzi: osaponda m'kati. Amayi osenza tomato ankazungulira. Abusa ankazungulira. Woledzera akaphonya mwala, ankangoona chibonga chili m'mwamba, asibweni akum'thamangitsa m'Chitumbuka.

"Fumapo! Uli m'chiwindi!"

Achinyamata a malaya ofiira, aja ankatseka pakhomo pa msika ndi makadi a chipani, anawafunsa tsiku lina ngati nangumiyo anali ndi khadi.

"Pakamwa pake ndi apo," anatero asibweni. "Lowani mukamufunse."

Palibe analowa.

Ine ndinabwera kuchokera ku Mangalande ndi satifiketi komanso mutu wozizira, poti tsitsi langa lalitali a boma anandimeta ndikungotsika ndege. Cholinga changa chinali chimodzi: kumanga shopu ya magalasi pa puloti ija, iyambe kuyenda, ine ndizionanso dziko. Koma asibweni sathamangitsidwa ngati mbuzi. Ndinapita ndi shuga, n'kukhala pansi. Tinkakangana m'Chichewa, chifukwa Chitumbuka changa chinali chitachita dzimbiri, ndipo iwo ankati chimawapweteka m'makutu.

"Asibweni, ndikufuna kumanga."

"Manga uko."

"Puloti ndi ino."

"Muno muli mwini wake."

"Ndi miyala iyi, asibweni."

"Iwe muphwa, kunja unapita kukaphunzira mwano? Bweretsa nyama yoposa iyi, mbwenu ndichotsa ndi manja anga."

Ananena izi pamaso pa anthu, ndipo ndinadziwa kuti ndawagwira. Ku London ndinaonapo mafupa a dayinoso, zibuluzi zakalekale za makosi aatali, ndipo ndinawerengapo za zina zotalika kuposa nangumi. Za kulemera ndinkadziwa kuti sindingapambane. Nyama ya pamtunda ili ndi malire ake, miyendo siingasenze phiri. Koma za kulemera ndinasunga mumtima. Ine chida changa chinali kutalika.

Ndinayala dayinoso wanga wa miyala pa kamzere kotsala m'mphepete mwa puloti. Mutu unakafika pa mpanda wa tchalitchi, mchira pafupi ndi mabenchi a msika. Asibweni anayenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, manja kumbuyo, akutsokomola.

"Ichi n'chiyani? Chingwe cha pachitsime?"

"Ndi dayinoso. Onani, wapitirira wanu uku ndi uku."

"Unadyapo?"

"Zinatha kalekale, kulibe munthu."

"Nanga anakuuza ndani? Utesi, bodza lenileni! Ine nangumi ndinadya, ndinadwala naye m'mimba, ndinalowamo ndi nsapato."

"Ku Karonga akukumba mafupa ake."

"Galu wanga amakumbanso mafupa. Satifiketi sanam'patse."

Woweruza anali a Yotam Shaba, mkulu wa mpingo, mwini khola lalikulu. Ndinawapatsa tepi yoyezera. Anaigwira ndi zala ziwiri ngati njoka yakufa.

"Yewo, mwana wanga, koma kuno chachikulu timachiyeza ndi ng'ombe," anatero. "Ukwati ng'ombe, mlandu ng'ombe. Nyama ndiye tiyeze ndi kansalu?"

Loweruka, tsiku la msika, anabwera ndi khola lonse. Asibweni, amene sankalola ngakhale mwana wokwawa, anachotsa okha mwala wa pakamwa.

"Nangumi amadya," anatero. "Zilowe."

Zinalowa zonse, nkhunzi n'kupeza malo otembenukira. Amayi analuluta. Kenaka anazikusira kwa ine. M'mimba mwa dayinoso munalowa zochepa n'kudzaza. Zotsalazo zinayenera kuima pamzere m'khosi ndi kumchira, imodzi kumbuyo kwa inzake.

Abale anga, ng'ombe siidziwa mzere. Ya kumchira inakweza mphuno, n'kuona kabichi. Zimene zinachitika pa msika wa Jenda tsiku limenelo anthu amazisimba mpaka lero. Tomato anayenda yekha mumsewu. Mbatatesi inafika pa siteji basi isanabwere. Amayi amalonda sanathamangitse ng'ombe, sanathamangitse a Shaba, anathamangitsa ine. Ndikulumpha ngalande ndinkamva asibweni akukuwa atakwera pa chulu.

"Miyendo inayi! Ingam'nyamule bwanji? Wanga alibe mwendo, madzi amam'nyamula ngati bwana pa machila! Thamanga, Chibuluzi, miyendo uli nayo!"

Dzina lija linandimatirira ngati nkhupakupa. Amayi anga ondibereka anayamba kuiwala kuti ndine Newton.

Kuyambira pamenepo sitinapatsanenso moni. Tikakumana ankalavula kumanzere, ine n'kuyang'ana kumanja. Njerwa zanga zinamera udzu. Ndinkawerenga nyuzipepala kufuna njira yotulukiranso m'dziko, iwo m'mawa uliwonse akusesa nangumi wawo, n'kumazula kaudzu kumsana kwake ngati akum'chotsa nsabwe.

Chifuwa cha ku Debeni chija chinawatenga m'nyengo yozizira. Pa maliro anthu anachuluka, bwalo la nyumba n'kuchepa. Akazi awo, a Nyachisi, anatuluka nati, "Khalani m'katimo, mwini wake wapita." Palibe anasuntha. Anthu anakhala kunja kwa miyala, kuzungulira, padzuwa, amuna uku akazi uko, pakati pali mbee, popanda munthu. Kwaya inaimba moyang'ana nangumi.

Ndinati tsopano puloti ndi yanga. Ndinaitana mmisiri, Chester wa ku Luwawa, n'kumulozera pokumba maziko. Anavula chipewa.

"Bwana, m'chiwindi?"

"Kumba!"

"Ine ndingakumbe. Koma shuga wa m'mimba mwa nangumi wa a Nkhambule adzagula ndani?"

Ndinafunsa amisiri ena, yankho lomwelo. Madzulo ake a Nyachisi anabwera ndi chitini cha njereza ndi burashi yothothoka.

"Asibweni ako anati ndikupatse iwe."

"Ine? Chifukwa?"

"Anati Chibuluzi alibe nzeru, koma miyala amayala mowongoka."

Ngakhale ali m'manda, munthu n'kumatukwanabe.

Shopu ndinamanga, koma pa kamzere kaja, m'khosi mwa dayinoso. Ndi yaitali, yopapatiza, magalasi mulibe. Ogula amalowa mmodzimmodzi, ndipo mzere amaudziwa kuposa ng'ombe za a Shaba. Za kunja ndinasiya kuwerenga. Nangumi ndimam'paka njereza, osati chifukwa cha chikondi, koma miyala yakuda imaipitsa pakhomo pa shopu.

Jenda wazizira. M'mawa simumvekanso chifuwa chija kapena tsache, ndipo oledzera amazungulira okha popanda wowaopseza, ngati ana amasiye. Sabata yatha mlendo wina wa sutikesi anatsika basi ya ku Lilongwe, naona malo oyera opanda munthu, n'kudutsa pakati penipeni.

"Fumapo! Uli m'chiwindi!"

Mlendo analumpha, sutikesi uko. Ndinatembenuka kufuna mwini mawu. Amayi a tomato onse ankayang'ana ine.